Khoswe wa pamkhate: poizoni ndi nyama za usiku m'mapulazi a ku Mhangura

Msewu wopita ku Mhangura umapatuka pamsewu waukulu wa Harare ndi Chirundu pamalo otchedwa Lion's Den, mukangopitirira Chinhoyi. Dzinali likunena za mikango, koma wodutsapo lero chimene amaona ndi nkhokwe zazitali za simenti za Grain Marketing Board, ndi minda ya chimanga, fodya, soya ndi tirigu yotambalala mpaka polekezera maso. Mikango inatha kalekale, ndipo chimene chinaimaliza n'chodziwika: mfuti, misampha yachitsulo ndi nyama yothira poizoni. Zimene zinatsala ndi nyama zing'onozing'ono zoyenda usiku, monga kadzidzi, vumbwe, fungwe, nyenga, nkhandwe ndi nsato. Mdani wamkulu wa nyama zimenezi masiku ano ndi kapepala ka mankhwala a makoswe kogulidwa pamsika ndi ndalama yochepa. Kapepala kameneka kali ndi makolo ake, ndipo mzere wa makolowo umadutsa m'mapulazi omwe ano.

Mhangura ndi liwu la Chishona lotanthauza mkuwa. Mpaka 1982 dzinali linkalembedwa kuti Mangula, ndipo boma lonse limene lero likutchedwa Makonde linkatchedwa Lomagundi. Mgodi wa mkuwa unatsegulidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ndi kampani ya Messina ya ku South Africa, kenako unapita m'manja mwa Zimbabwe Mining Development Corporation dziko litalandira ufulu. Mozungulira mgodiwo munali mapulazi a azungu, a ku Doma, Raffingora, Banket, mpaka Karoi ndi Tengwe. Manja ambiri amene ankakumba mkuwa ndi kuthyola fodya anali ochokera ku Nyasaland, kum'mawa kwa Northern Rhodesia ndi ku Tete. Ena anabwera ndi Chibaro, bungwe lolemba anthu ntchito limene linayamba mu 1903. Ena ndi Mthandizi, amene anayamba mu 1946. Ambiri anangoyenda wapansi, kuwoloka Zambezi, n'kumagwira ganyu pulazi ndi pulazi mpaka kufika kumene ankangokutchula kuti ku Halale. M'makomboni Chichewa chinkamveka ngati kumudzi, ndipo Lamlungu gule ankatuluka. Eni nthaka ankawatchula alendowa kuti Mabhurandaya, anthu a ku Blantyre, ngakhale munthu atachokera ku Dedza kapena ku Katete.

Ife amene ntchito yathu ndi yomasulira mawu timavutika ndi liwu la Chingerezi lakuti vermin, limene limapezeka paliponse m'malamulo ndi m'makalata a boma la Southern Rhodesia. Liwu lathu loyandikira ndi chirombo. Komatu chirombo n'chachikulu kuposa pamenepo. Fisi ndi chirombo, mbozi ya m'chimanga ndi kachirombo, ndipo chimene chimatuluka kudambwe n'kuvina pabwalo nachonso ndi chirombo. Chirombo munthu amachiopa, amachipirikitsa, nthawi zina amachiwombera m'manja. Vermin linali liwu la chigamulo: nyama ikalembedwa pansi pa liwuli inalibenso ufulu wokhala ndi moyo pamalo alionse, nthawi iliyonse. Vuto lina lili pa liwu lakuti mankhwala. Kwathu chochiza ndi mankhwala, chopha ndi mankhwalanso, ndipo Chishona chimachita chimodzimodzi ndi liwu lakuti mushonga. Mayi akatuma mwana kukagula mankhwala a makoswe, liwulo silimuchenjeza kanthu.

Anthu amene anabwera m'makomboniwa sanabwere chimanjamanja pankhani ya makoswe. Anabwera ndi malire amene mwana aliyense wa kwathu amawadziwa: khoswe ndi wa m'nyumba ndipo sadyedwa, mbewa ndi ya kutchire ndipo ndi ndiwo. Kapuku, phanya, jugu, mende, aliyense ali ndi dzina lake, una wake, nyengo yake ndi kakomedwe kake. Brian Morris, amene analemba buku lakuti The Power of Animals mu 1998, anaonetsa kuti anthu a kumudzi ku Malawi amasiyanitsa mitundu ya mbewa mwaluso losasiyana kwenikweni ndi la akatswiri a sayansi. Ashona nawo amadya mbeva, choncho pamenepa mlendo ndi mwini nthaka ankamvana bwino. Pa pulazi pamene phoso linali ufa, nyemba ndi mchere, mbewa zinali nyama ya ana. Ndipo munthu amene amadya mbewa sathira poizoni m'munda. Amatchera diwa, amakumba una, amakwirira chidebe cha madzi n'kupachika gaga pamwamba pake. Njira zonsezi zimapha nyama imodzi imene yafika pamalopo, ndipo mtembo wake ukadyedwa ndi kadzidzi kapena nyenga, wodyayo amangokhuta. Khoswe wa m'nyumba ankalimbana naye ndi mphaka, chibonga, nkhokwe yokwezeka pamiyala ndi kumata mauna.

Sindikunena kuti makolo athu anali abwenzi a nyama zonse. Moto wosakira mbewa m'chilimwe unkatentha tchire lonse, mazira a nkhwali ndi afulu omwe. Katupe ankapha nsomba zonse za m'dziwe, zazikulu ndi tiana. Ulimbo sunkafunsa dzina la mbalame. Kadzidzi ankaponyedwa miyala. Kusiyana kwake n'kwakuti zida zimenezi zinkathera pamene dzanja lathera. Poizoni wa m'botolo ndiye anabweretsa imfa yoyenda yokha, yochoka m'mimba mwa nyama ina n'kulowa mwa ina mwini wake ali mtulo.

Mzungu wa pa pulazi anayamba ndi poizoni otchedwa strychnine. Ng'ombe ikafa, ankathira ufawo m'mtembo n'kuusiya kutchire kuti fisi, nkhandwe, kambuku kapena mkango adye. M'mawa ankapezapo chimene ankafuna, ndi zina zambiri zimene sankazifuna: miimba, akhwangwala, ziombankhanga, agalu a anthu a m'komboni. Anyani ndi nguluwe zoononga chimanga ankazithirira m'zisononkho ndi m'maungu. Boma linkalipira ndalama kwa munthu wobweretsa umboni woti wapha nyama ya m'gulu la vermin. Mimbulu ndiyo inaona zakuda kuposa zonse: pakati pa 1956 ndi 1975, mimbulu yosachepera 3,404 inaphedwa m'dziko lonse pa ntchito yothana ndi zirombo, ndipo lero anthu amalipira ndalama zambiri kukaona yotsalayo ku Mana Pools ndi ku Hwange. Dibi nayo inachita zake mwakachetechete. Matenda a ng'ombe obwera ndi nkhupakupa atavuta kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, boma linakhazikitsa lamulo lokakamiza dibi mu 1914, ndipo madzi a m'dibimo ankathiramo arsenic. Timbalame tija timatera pamsana pa ng'ombe n'kumadya nkhupakupa tinadya nkhupakupa zapoizoni, ndipo m'madera ambiri a mapulazi tinazimiririka. Poizoni wopha nkhupakupa anamaliza wantchito amene ankadya nkhupakupa kwaulere. Zimenezi zinadzachitikanso kangapo, ndi mankhwala ena ndi nyama zina.

Ntchito yaikulu koposa inali ya kashembe, ntchentche yopatsa ng'ombe matenda ndi anthu kaodzera. Mliri wa ng'ombe wa 1896 utapha nyama zambiri zakutchire, kashembe anabwerera kuchigwa cha Zambezi. Nyama zitachulukanso, nayenso anayamba kukwera kumtunda, kulunjika mapulazi a ku Lomagundi. Rupert Jack, mkulu wa boma woona za tizirombo, anaganiza kuti njira yake ndi kumulanda kashembe chakudya, ndiye kuti kupha nyama zonse zimene amayamwa magazi ake. Anamanga mipanda yaitali, n'kupereka mfuti kwa alenje achikuda kuti aphe chilichonse choyenda pakati pa mipandayo. Alenjewa ankatchedwa magocha, ndiye kuti owotcha nyama, ndipo wolemba mbiri Clapperton Mavhunga wafotokoza ntchito yawo m'buku lakuti The Mobile Workshop la mu 2018. Kuchokera mu 1919 kufika kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, nyama zoposa 650,000 zinaphedwa: agwape, njiri, mphalapala, ngoma, njati, ndi zipembere zomwe. Iyi sinali ntchito ya pakhomo, koma inaphunzitsa dera lonse maganizo amodzi, akuti chirombo chikakuvuta, seseratu zonse zoyandikana nacho.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha kunabwera DDT ndi abale ake, ndipo apa ndi pamene poizoni wa pa pulazi analowa m'nyumba. Ian Smith atalengeza ufulu wake wa mu 1965, maiko anakana kugula fodya wa ku Rhodesia, alimi ambiri n'kutembenukira ku chimanga, tirigu ndi thonje. Thonje limamwa mankhwala kuposa mbewu zambiri. Mashedi anadzaza migolo, ndipo amene ankasakaniza ndi kupopera anali anthu a m'komboni. Boma linaika zizindikiro za makona atatu pa mabotolo, chobiriwira, chachikasu, chofiira ndi chapepo, chapepocho kutanthauza choopsa zedi. Koma chizindikiro chimakhala pa botolo la kusitolo. Mankhwala otsalira m'mpope ankapita kunyumba m'botolo la zakumwa kapena m'kachikopa ka machesi, kukathana ndi nsikidzi, utitiri, mphemvu ndi chiswe. Ndani angawadzudzule? Nyumba za m'komboni zinali zothithikana, zopanda simenti pansi, ndipo nsikidzi zinkalanda tulo ta munthu amene mawa lake akalowa m'munda dzuwa lisanatuluke. Gamatox wa ku dibi ankawazidwa pamphasa. Rene Loewenson, amene m'zaka za m'ma 1980 anafufuza za umoyo wa anthu ogwira ntchito m'mapulazi a ku Mashonaland, analemba za anthu opopera mankhwala oopsa opanda zovala zodzitetezera. Munthu amene bwana wake sanamuuze zimene mankhwalawo amachita m'thupi lake lomwe, sakanayembekezeka kudziwa zimene amachita kwa buluzi wodya mphemvu, kapena kwa kabawi wodya buluziyo.

Umboni wa zimene DDT anachita unachokera kuchigwa cha Zambezi, kumpoto ndi kumadzulo kwa mapulaziwa. Buku la Rachel Carson lakuti Silent Spring linatuluka mu 1962, dziko la America n'kuletsa DDT m'minda mu 1972, koma kuno anapitiriza kumupopera pamakungwa a mitengo pofuna kupha kashembe mpaka chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Akatswiri a Natural Resources Institute ya ku Britain, R. J. Douthwaite ndi C. C. D. Tingle, anatulutsa zotsatira za kafukufuku wawo mu 1994. Anapeza kuti mazira a nkhwazi za ku Kariba anali ndi zikamba zopyapyala, ndipo mbalame zina za m'nkhalango za tsanya, zodya tizirombo ta pamakungwa, zinachepa kwambiri m'malo opoperedwa. DDT sawola msanga. Amabisala m'mafuta a nyama, ndipo amachuluka pamene akukwera kuchoka ku kachirombo kupita ku nsomba, kuchoka ku nsomba kupita ku nkhwazi. Anapezekanso wambiri m'mkaka wa m'mawere wa amayi a ku Kariba. Nkhwazi ija ili pa mbendera ya Zambia ndi pa chidindo cha boma la Malawi. Inayamba kuikira mazira a zikamba zopyapyala chifukwa cha ntchentche.

Pali mbali ina ya mbiriyi imene siyenera kudumphidwa, ngakhale mwachidule. M'zaka zomaliza za nkhondo ya ufulu, asilikali achinsinsi a boma la Smith anatenga mankhwala omwewa n'kuwalozetsa kwa anthu. Zovala zinkanyikidwa m'mankhwala a m'munda, chakudya chinkathiridwa poizoni wa makoswe, n'kuzisiya kuti zifike kwa omenyera ufulu kudzera mwa anthu a m'midzi. Ken Flower, amene anali mkulu wa akazitape, anavomereza za zovalazo m'buku lake la mu 1987. Amene anafa sanali okhawo ofunidwa, monga mmene zinkakhalira pa mtembo wa ng'ombe uja. Chilankhulo chake sichinafe ndi nkhondo. Mu 2014 Robert Mugabe anatchula anzake ena a m'chipani kuti anankafumbwe, Didymus Mutasa n'kuyankha kuti mankhwala a anankafumbwe ndi Gamatox, ndipo dzinalo linakakamira gulu lonse la ndale. Anthu anaseka chifukwa aliyense ankamudziwa Gamatox, fungo lake ndi ntchito yake.

Tibwerere kwa khoswe. Khoswe wakuda wa padenga nayenso ndi mlendo kuno. Anabwera ndi zombo za amalonda, n'kufalikira kumtunda potsata misika, njanji ndi nkhokwe. Ndi wochenjera. Akapeza chakudya chachilendo amangolawa pang'ono, ndipo akamva kudwala sabwererakonso. N'chifukwa chake poizoni wopha msanga ankapha ochepa, otsalawo n'kuphunzira. Yankho linachokera ku Wisconsin, kumene Karl Paul Link ankafufuza chifukwa chimene ng'ombe zodya udzu wina wowola zinkafera ndi kutaya magazi kosaleka. Pa kafukufukuyo panatuluka warfarin, amene anayamba kugwira ntchito yopha makoswe mu 1948. Mankhwalawa amaletsa magazi kuundana. Khoswe amadya lero, mawa, mkuja, osamva kanthu, kenako amayamba kukha magazi m'kati mpaka kufa patapita masiku angapo. Warfarin yemweyo madokotala amapatsa anthu odwala mtima pamuyeso wochepa, ndiye mwina Chichewa sichinalakwitse kutchula zonse ziwiri kuti mankhwala. Pofika 1958 ku Scotland kunapezeka makoswe osafa ndi warfarin, ndipo m'zaka za m'ma 1970 makampani anapanga abale ake amphamvu kwambiri, monga difenacoum ndi brodifacoum. Timibulu tofiira kapena tabuluu ta m'masitolo nthawi zambiri timakhala ta mtundu umenewu.

Luso la mankhwalawa ndi limenenso lili tsoka lake. Pa masiku amene khoswe akuyenda ndi poizoni m'thupi, amafooka, amatuluka poyera, amayenda mwadzandidzandi kufuna madzi. Kwa kadzidzi, vumbwe kapena njoka, ameneyo ndiye nyama yosavuta kugwira. Poizoniyo amakhazikika m'chiwindi cha wodyayo kwa miyezi yambiri, ndipo khoswe wachiwiri ndi wachitatu amangoonjezera. Kadzidzi sagwa pomwepo. Amakafera kutali, m'phanga la mtengo kapena pansi pa denga, mwina chifukwa cha kabala kakang'ono kamene magazi ake sanaleke. Kumene anthu anatsegula mitembo n'kuyeza, zotsatira zake n'zofanana: ku Britain akadzidzi ambiri opezeka akufa amakhala ndi mankhwalawa m'chiwindi, ndipo ku Cape Town kafukufuku wa mu 2019 anapeza poizoni wa makoswe mwa amphaka akutchire otchedwa caracal oposa 9 pa 10 alionse amene anayezedwa. Dera la Mhangura lili ndi zonse zimene kadzidzi woyera nkhope uja amakonda: mabalani a fodya, nkhokwe, nyumba zakale za mgodi, ndi minda yodzaza mbewa. Banja limodzi la akadzidzi otere limadya makoswe ndi mbewa zoposa chikwi pachaka, ndipo kapuku akabuka mvula itagwa bwino pambuyo pa chilala, nawo amaswa ana ambiri. Akafa, makoswe amene amaswana mwezi ndi mwezi amabwerera msanga kuposa kadzidzi, ndipo mwini nyumba amabwerera kumsika kukagula kapepala kena. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ankadziwa kuti chibonga chimaswa mkhate khoswe n'kuthawa.

Tsoka la kadzidzi ndi lapawiri, chifukwa palibe womulira. Kwathu akalira padenga timati kugwa maliro, ndipo Ashona amamutchula zizi n'kumuika m'gulu la zotumidwa ndi afiti. Mzinda wa Johannesburg utaika mabokosi a akadzidzi m'masukulu a ku Alexandra pofuna kuchepetsa makoswe, ntchito yaikulu inali yokambirana ndi makolo, osati yokhoma mabokosi. Lamulo la Zimbabwe la Parks and Wild Life Act la mu 1975 limateteza mwapadera nsato, ngaka, nkhwazi ndi miimba, koma lamulo limagwira munthu wopezeka ndi chikopa kapena mfuti. Mayi wothira timibulu kuseri kwa thumba la chimanga sanaphwanye kanthu, ndipo nsato imene idzameze khosweyo mawa lake sidzalembedwa m'kaundula wa polisi.

Poizoni wina amene owerenga a ku Malawi amamudziwa bwino ndi tameki. Dzina lake la malonda ndi Temik, la sayansi ndi aldicarb, ndipo anapangidwa ndi kampani ya Union Carbide kuti aphe tinyongolotsi ta m'nthaka toononga mizu ya fodya, thonje ndi mbatata. Ndi timibulu takuda tofanana ndi njere za bonongwe. Sanapangidwire makoswe, ndipo pa pulazi ankakhala m'shedi yokiya. Amagwira mitsempha, ndipo nyama imagwa patangopita mphindi zochepa, ikutuluka thovu. Ku South Africa amamutchula two-step, kunena kuti galu akadya amangoponda kawiri, ndipo mbava zimamuika m'nyama zikafuna kulowa pampanda. Madokotala a University of Zimbabwe amene anaunika kaundula wa zipatala zazikulu anaona kuti chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anthu ogonekedwa chifukwa cha mankhwala a makoswe ogulidwa mumsewu anachuluka, ndipo mushonga wemakonzo umenewo nthawi zambiri unali aldicarb.

Kenako kunabwera chaka cha 2000, chimene chinamenya Mhangura mbali ziwiri. Mgodi unatsekedwa mitengo ya mkuwa itagwa, ndipo tauni imene inali ndi chipatala, masukulu ndi timu ya mpira yotchuka, ija ya Tendai Chieza amene anasankhidwa kukhala katswiri wa dziko lonse mu 1970, inatsala ndi anthu opanda malipiro. Chaka chomwecho mapulazi anayamba kulandidwa ndi kugawidwa. Nkhani ya chilungamo cha kugawa nthaka ili ndi malo ake, ndipo anthu ambiri amene analandira minda akulima fodya wochuluka lero. Koma mwa ogwira ntchito m'mapulazi oposa 300,000, osakwana 5 pa 100 alionse ndiwo analandira malo, ndipo lamulo la unzika la mu 2001 linasiya ana ndi zidzukulu za matchona opanda dziko, mpaka malamulo atsopano a mu 2013. Ambiri anatsala m'makomboni momwemo, akulima kachigawo kobwereka, kugwira ganyu ndi kusefa golide m'mitsinje ya Angwa ndi Manyame.

Pa nkhani ya poizoni, kusintha kumeneku kunachita zinthu ziwiri. Mashedi anatseguka, ndipo mankhwala amene ankagulidwa pamigolo ndi munthu mmodzi anayamba kugulidwa pamasipuni ndi anthu mazanamazana, m'timapepala topanda dzina, topanda muyeso, topanda chizindikiro chapepo chija. Chachiwiri, chimanga chimene kale chinkapita ku nkhokwe za simenti chinalowa m'zipinda zogona, chifukwa nkhokwe ya panja imaitana akuba. Khoswe anatsatira thumba mpaka pafupi ndi mphasa ya ana. Tisamachepetse vutoli. Banja limene lakolola matumba asanu likataya limodzi, ndiye kuti mwezi wa February ligona ndi njala. Makoswe amaluma zala za makanda usiku, amapha anapiye, ndipo utitiri wawo umanyamula mliri umene unabuka ku Nkayi mu 1994 ndi ku Nsanje mu 1997. Wolemba amene amakhala m'tauni n'kumalalikira za ubwino wa kadzidzi kwa mayi wotere ayenera kuyamba watsitsa mawu.

Koma kapepala kakalowa m'nyumba sikathera pa khoswe. Nyenga ikavuta m'khola, amaboola dzira n'kuthiramo timibulu. Kabawi akatola anapiye, amapaka mwanapiye mmodzi n'kumusiya pabwalo. Nkhandwe, zimene m'mapulazi a ku Mashonaland zakhala zikufalitsa chiwewe m'zaka zina, amaziikira nyama yothira, ndipo amene amayamba kufika ndi fungwe, chiuli, kapena galu wa mnansi. Ena amanyika chimanga n'kuchimwaza pamene nkhanga ndi njiwa zimatera, n'kuchotsa chithokomiro ndi matumbo, nyamayo n'kuphika kapena kugulitsa. Matumbo otayidwa kutchire amapha chimene chawatola. Polekezera pa njira imeneyi pali miimba. Mu 2012 miimba yoposa 180 inafera pa mtembo umodzi wa njovu wothira poizoni kufupi ndi Gonarezhou, mu 2013 njovu zoposa 100 zinaphedwa ndi cyanide ku Hwange pamodzi ndi zonse zodya mitembo yake, ndipo mu 2019 ku Botswana miimba 537 inafa pamalo amodzi. Pofika 2015 mitundu ingapo ya miimba ya mu Africa inalembedwa m'gulu la zotsala pang'ono kutheratu. Opha njovu si anthu a m'khichini, koma nzeru yake ndi ya mzungu wa strychnine uja, ndipo mankhwala ena amachokera pamsika womwewo. Tsopano kwabweranso mapepala a guluu, ulimbo wa m'sitolo, umene umagwira khoswe, nalimata, njoka ya m'nyumba yodya makoswe, ndi kadzidzi wotera pa khoswe wolira.

Chochititsa chidwi n'chakuti njira ina inatulukira m'chigwa chomwe chija cha DDT. Ku Rekomitjie, malo ofufuzira a pafupi ndi Mana Pools, Glyn Vale ndi anzake anakhala zaka zambiri akufunsa kuti kodi kashembe amafuna chiyani. Anapeza kuti amatsata fungo la mpweya wa ng'ombe, amakopeka ndi mtundu wabuluu, ndipo amatera pa chakuda. Anapanga kansalu kopachika, kokhala ndi botolo la fungo ndi mankhwala pang'ono pa nsalu pokhapo. M'zaka za m'ma 1980 tinsalu timeneti tinayamba kuikidwa m'tchire, tochepa chabe pa dera lalikulu, ndipo kashembe ankadzibweretsa yekha. Mnyamata wa m'komboni wotchera diwa akanaimvetsa nzeru imeneyi msanga kuposa Rupert Jack: umayamba wadziwa njira ya nyamayo, chakudya chake ndi nthawi yake. Akatswiri a makoswe a ku Sokoine University of Agriculture ku Morogoro ndi anzawo aonetsanso kuti mudzi wonse ukamatchera misampha tsiku ndi tsiku, nyumba zonse pamodzi, makoswe amachepa ndithu ndipo chimanga chimasungika. Mgolo wachitsulo wotseka bwino, kapena thumba losalowa mpweya loikidwa pathandala, zimathandizanso. Vuto lake ndi mtengo: msampha wabwino ndi mgolo zimafuna ndalama lero, ndipo kutchera pamodzi kumafuna anthu amene akudziwa kuti chaka chamawa adzakhala pamalo pomwepo. Munthu wa m'komboni ya pulazi ya eni, amene angathamangitsidwe mwezi uliwonse, amagula cha pasipuni.

Malire aja a khoswe ndi mbewa nawo ayamba kufufutika. Kapuku sadziwa kuti ndi ndiwo; m'chilimwe amalowa m'nyumba ndi m'nkhokwe, n'kudya nyambo yoikira khoswe, usiku womwewo n'kubwerera kuuna wake kumunda. Alimi ena amathira chimanga chapoizoni m'mizere pobzala kuti mbewa zisafukule mbewu. Ndiye mwana wokumba mbewa mu July ayenera kudziwa kuti munda uwu ndi wa yani ndipo mwini wake anathiramo chiyani. Ogula mbewa zapampani m'mbali mwa msewu, kaya pa Lion's Den kaya pa msewu wa Lilongwe ndi Salima, ena amayamba atembenuza mpaniwo n'kufunsa ngati zili za pa diwa, zokumba, kapena za tameki.